Kodi mumadziwa? Nkhupakupa ndi matenda ake

Kodi mumadziwa kuti nkhupakupa ndi m'bale wake wa kangaude? Ikakula imakhala ndi miyendo isanu ndi itatu, koma poswa m'dzira imatuluka ndi isanu ndi umodzi yokha. Siuluka ndiponso siidumpha. Mitundu yambiri imakwera pansonga ya udzu, n'kutambasula miyendo yakutsogolo, kudikira ng'ombe, galu kapena munthu adutse. Padziko lonse pali mitundu pafupifupi 900, ndipo yaikazi yamitundu ina ikakhuta magazi imagwa pansi n'kuikira mazira masauzande angapo nthawi imodzi, kenako imafa.

Kodi mumadziwa kuti anthu adazindikira kuti nkhupakupa imafalitsa matenda asanamugwire udzudzu pa mlandu wa malungo? M'chaka cha 1893, Theobald Smith ndi Fred Kilborne a ku America adasonyeza kuti matenda a ng'ombe otchedwa Texas fever amafala ndi nkhupakupa. Ronald Ross adapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu mu 1897. Matenda a ku Texas aja ndi omwewa alimi athu amawazindikira ng'ombe ikayamba kukodza mkodzo wofiira. Tizilombo ta Babesia timaswa magazi a ng'ombeyo, ndiye mtundu wa magaziwo umatulukira mumkodzo.

Kodi mumadziwa kuti nkhufi, zija zimabisala m'ming'alu ya nyumba zadothi, nazonso ndi nkhupakupa? Izi sizikakamira pathupi masiku ambiri ngati zinzake. Zimatuluka usiku, zimayamwa kwa mphindi zowerengeka n'kubwerera m'ming'alu, moti mwininyumba amadzuka osadziwa chamuluma. Zikhoza kukhala zaka zingapo osadya. Zimafalitsa kachilombo kotchedwa Borrelia duttonii, koyambitsa kutentha thupi kobwerezabwereza: munthu amatentha masiku angapo, akhala bwino ngati wachira, patapita pafupifupi sabata zayambiranso. Amayi oyembekezera ndiwo amavutika kwambiri chifukwa pathupi pakhoza kuchoka. Vuto lake n'lakuti ife thupi likangotentha timathamangira kunena kuti ndi malungo, ena n'kukagula mankhwala pagolosale osayezetsa. Mankhwala a malungo sakapha kachilombo aka.

Dzina loti duttonii lidachokera kwa Joseph Everett Dutton, dokotala wa ku Britain yemwe ankafufuza matendawa ku Congo pamodzi ndi John Todd. Dutton mwiniyo adawatenga matendawo, ndipo adamwalira ku Kasongo mu 1905 akadali wachinyamata.

Kodi mumadziwa kuti nkhufi zomwezi zimasunga kachilombo ka chigodola cha nkhumba? Kutchire kachilomboka kamazungulira pakati pa nkhufi ndi njiri m'mauna mwake, njiriyo osadwala n'komwe. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1980 adakapeza m'nkhufi za m'makola a nkhumba ku Mchinji. N'chifukwa chake khola lakale lomwe nkhumba zidafera si loikamo zina msanga. Matendawa adalembedwa koyamba ku Kenya mu 1921, adafika kudziko la Georgia mu 2007, ndipo mu 2018 adalowa ku China komwe adasesa nkhumba mamiliyoni. Munthu sadwala chigodola, koma amachinyamula kunsapato, m'zovala ndi m'nyama yogula motchipa pamene nkhumba zayamba kufa m'mudzi.

Kodi mumadziwa kuti wakupha ng'ombe wamkulu m'chigawo chathu chino amakonda kukhala m'khutu? Nkhupakupa yabulauni ya m'makutu imafalitsa Theileria parva, kachilombo koyambitsa East Coast fever. Chizindikiro choyamba ndi mwanabere pansi pa khutu, kenako kutsogolo kwa phewa. Ng'ombe imatentha thupi, imasiya kudya, imapuma movutika, ndipo pomaliza imatuluka thovu m'mphuno chifukwa mapapo adzaza madzi. Ng'ombe zamakolo zokulira komwe kuli matendawa zimapirira ndithu, ngakhale ana ake ena amafa. Za mkaka zamakono, zija mlimi amagula ndi ngongole, zambiri sizipulumuka zikapanda kulandira mankhwala msanga. Matendawa adalowa ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero) cha m'ma 1901 ndi 1902 kudzera padoko la Beira, pamodzi ndi ng'ombe zomwe ankaitanitsa kuti zilowe m'malo mwa zomwe mliri wa rinderpest udapha. Abale ake a matendawa ali ndi mayina awo: kum'mwera kwa Zambia amati denkete, ku Zimbabwe amati January disease chifukwa amavuta nthawi ya dzinja, ndipo kuyambira 2017 atha makola ambiri kumeneko.

Nanga mumadziwa kuti katemera wa East Coast fever amapangidwa ku Lilongwe? Ambiri sadziwa. Bungwe la Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases limapanga katemerayu n'kumatumiza kumaiko ena. Kapangidwe kake n'kodabwitsa. Amaweta nkhupakupa zokhala ndi kachilombo, amazipera, n'kusunga zoperazo mu nitrogen yozizira kwambiri. Pobaya, ng'ombe amaipatsa kachilombo kamoyo pamodzi ndi jekeseni wa oxytetracycline, kuti idwale pang'ono chabe thupi n'kuphunzira kudziteteza. Kubaya kamodzi kumakwanira moyo wonse wa ng'ombeyo. Njirayi idapezeka ku Muguga m'dziko la Kenya m'zaka za m'ma 1970.

Kodi mumadziwa kuti mbuzi yoyenda mozungulirazungulira, n'kugwa n'kumapalasa miyendo, kawirikawiri siinalodzedwe? Akhoza kukhala matenda a heartwater, obwera ndi nkhupakupa zazikulu zamawangamawanga zokonda kumabere ndi kunsi kwa mchira. Mukaitumbula mumapeza madzi atazungulira mtima.

Kodi mumadziwa kuti pali matenda ena omwe chiweto sichidwala koma wopha chiwetocho ndiye amagona? Crimean-Congo haemorrhagic fever idaoneka ku Crimea mu 1944 ndi ku Congo mu 1956, ndipo mu 1969 zidadziwika kuti kachilombo kake n'kamodzi. Munthu amatenga akalumidwa, akaphwanya nkhupakupa ndi zala, kapena akagwira magazi a nyama yomwe ili nako. Bungwe la WHO limati mwa odwala 100 aliwonse, 10 mpaka 40 amamwalira. Mu 1996 idagwira antchito a pamalo ophera nthiwatiwa ku Oudtshoorn ku South Africa. Ndiye chizolowezi chija chothothola nkhupakupa pagalu n'kuiphwanya ndi chikhadabo tichileke.

Kodi mumadziwa kuti wotulukira kachilombo ka Lyme disease adaphunzirira ntchito pa nkhufi zathu za ku Africa? Matendawa adadziwika mu 1975 ana ambiri atatupa mawondo m'tauni ya Lyme ku Connecticut. Willy Burgdorfer, yemwe adalengeza za kachilomboko mu 1982, adachita maphunziro ake apamwamba ku Basel pofufuza nkhufi ndi Borrelia duttonii. Abale athu okhala ku Britain ndi ku America asamale akamayenda m'nkhalango zokhala agwape. Ku America komweko kulinso nkhupakupa yotchedwa lone star, yomwe ikakuluma thupi limatha kuyamba kudana ndi nyama ya ng'ombe, ya mbuzi ndi ya nkhumba. Tangoganizani, kumangonunkhiza kanyenya osalawa!

Kodi mumadziwa kuti nkhuku zimathandiza? Zikamalowa m'khola la ng'ombe m'mawa zimatola nkhupakupa pansi ngakhale pathupi pa ng'ombe. Sizilowa m'malo mwa dipi ayi, ndipo musazilole kujompha ng'ombe yomwe mwangoipopera kumene. Mankhwala opopera nawo akasungunulidwa ndi madzi opyola muyezo pofuna kuti botolo lichedwe kutha, amangopha nkhupakupa zofooka, zolimba n'kuswana mpaka mankhwalawo kusiya kugwira ntchito. Oyilo wakutha wa galimoto ndi mankhwala a thonje si zopaka ziweto. Muyezo woyenera funsani alangizi a ziweto.

Nanga ikakulumani inuyo? Musaiwotche ndi machesi, musaithire palafini kapena kuipaka mafuta. Igwireni ndi kopanira pafupi ndi khungu penipeni, kokani pang'onopang'ono molunjika osapotoza, kenako tsukani pamalopo ndi sopo. Ngati patapita masiku mwayamba kutentha thupi, mutu ukuwawa, kapena polumidwa paja pabuka kachilonda kakuda pakati, pitani kuchipatala. Akakuyezani malungo osawapeza, auzeni adokotala kuti munalumidwa ndi nkhupakupa kapena kuti m'nyumba mwanu muli nkhufi.