Amai Olera Ana a Anzao ku Blantyre

Abale anga a kumudzi, ambiri mwa inu muli ndi ana kapena adzukulu okhala ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa kapena Machinjiri. Kodi mudayamba mwafunsa kuti m'mawa, pamene bambo wapita ku nchito ku Limbe ndipo mai wasenza dengu la tomato kunka ku msika, mwana wamng'ono amatsala ndi yani? Kwathu kuno funso limeneli silivuta, pakuti agogo alipo, azakhali alipo, ndipo bwalo liri la onse. Koma m'tauni agogo ali kutali, nyumba ndi ya lendi, pakhomo pali mseu wa galimoto, kuseri kuli ngalande kapena mtsinje wonga Nasolo ndi Mudi, umene umadzaza mwadzidzidzi nthawi ya dzinja.

Tsiku lina ndiri ku Ndirande ndidalowa m'nyumba ya mai wina wamasiye. Pa mphasa padali tiana tambiri: wina ali kumbuyo, wina akukwawa, ena akuwerenga zitsekerero za mabotolo. Ndidafunsa kuti: “Kodi amai, onsewa nganu?” Iwo adaseka nati: “Iai aphunzitsi, wanga ndi mmodzi yekha, enawa nga anzanga a geni. Masana abweranso akulu ao kuchokera ku sukulu.” Nditafunsa za malipiro, adati ena amapereka pa mapeto a mwezi, ena amabwera ndi kambale ka ufa, ena amangothokoza. Amai otere ali ambiri m'makwalala a Blantyre, ndipo ndiwo agwirizira mabanja, ngakhale maina ao samveka. Tsono tiyeni tione kumene iwo angapeze chithandizo.

Choyamba ndi maphunziro. M'chaka cha 1970 kudakhazikitsidwa bungwe la Association of Pre-school Playgroups in Malawi, limene pambuyo pake lidatchedwa Association of Early Childhood Development in Malawi. Likulu lake liri ku Blantyre komweko, ndipo limaphunzitsa alezi. M'chaka cha 2003 Boma lidalemba ndondomeko yake yoyamba ya kaleredwe ka ana ang'ono, nchito imene anthu amaitcha Mmera Mpoyamba. Mlezi wofuna kulembetsa malo ake ndi kuphunzira ayambire ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya boma la Blantyre. Maphunziro oyamba satenga nthawi yaitali, ngati masabata awiri, koma munthu amabwerako akudziwa kusewera ndi ana mowaphunzitsa, kuzindikira mwana wodwala kapena wozunzidwa, ndi kupanga zidole ndi dongo, nsanza ndi zitsononkho popanda kugula kanthu. Tisaiwale kuti alezi ochuluka a m'sukulu za mkombaphala amagwira nchito mongodzipereka.

Chachiwiri ndi chakudya, pakuti mwana wa njala saimba, sasewera, saphunzira. Phala la Likuni, la chimanga ndi soya, lidatenga dzina lake ku mishoni ya Likuni kufupi ndi Lilongwe. Bungwe la Mary's Meals lidayamba muno m'Malawi m'chaka cha 2002 ndi ana 200 okha, Chilomoni ali pakati pa malo ake oyamba, ndipo lidakula kufikira kudyetsa ana oposa miliyoni imodzi m'dziko lathu. Koma phala limeneli limaphikidwa pa sukulu ndi pa malo ena a mkombaphala. Silifika m'nyumba ya mai aliyense wolera ana. Apa ndipo inu a kumudzi mungathandize: mukakolola, musatumize mgaiwa wokha, koma muikepo nsinjiro, soya, nyemba ndi mfutso, muuze ana anu kuti gawo lina lipite kwa mlezi wa mdzukulu wanu.

Chachitatu ndi umoyo. Ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa kuli zipatala zazing'ono, ndipo a ku Machinjiri ali ndi cha South Lunzu. Mlezi aone kabuku ka sikelo ka mwana aliyense, akumbutse makolo za katemera, adziwane ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lake. Tikumbuke kolera ya 2022 ndi 2023, imene idachedwetsa kutsegulidwa kwa sukulu za m'Blantyre mu Januwale 2023. Pamene ana ambiri adyera pamodzi, matenda otsegula m'mimba sachedwa kufala. Chotero pakhale madzi owiritsa kapena othira mankhwala, sopo, chimbudzi chovundikira, ndi mapaketi a Thanzi. Mbaula ikhale kutali ndi mphasa. Ndipo popeza namondwe Freddy mu Malichi 2023 adagwetsa nyumba zambiri m'mphepete mwa mapiri ndi mitsinje ya mzindawu, makolo ndi mlezi apangane kale kumene ana angathawire mvula ikakula.

Chachinai ndi ana a sukulu. Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulaimale adakhala aulere, ana adachuluka m'makalasi. Ang'ono amaweruka dzuwa lisadapendeke, makolo asadabwere. Maola amenewo ndiwo oopsa, pakuti mwana wosowa womuyang'anira amathera m'nyumba za kanema kapena m'magulu oipa. M'madera ena muli malo ochedwa Children's Corner, kumene ana a zaka 6 mpaka 18 amasonkhana kusewera, kuwerenga ndi kufotokoza mabvuto ao kwa akulu odzipereka. Kumene kulibe, mphakati ungathe kupempha chipinda ku parishi, ndi kusankha achinyamata okhulupirika oti azithandiza ana kulemba nchito ya ku sukulu. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana liripo, ndipo woona mwana akuzunzidwa angathe kuimba lamya pa nambala 116.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Mbale wa m'tauni akatumiza mau kuti: “Ndipatseni kamtsikana kadzandilerere mwana,” musafulumire kuvomera. Mtsikana wa zaka 12 ndi mwana nayenso. Akasiya sukulu kuti abereke khanda la mwini, tapulumutsa mmodzi ndi kutaya wina. Nkwabwino kuti makolo asonkhe ndalama, alipire mai wamkulu wophunzitsidwa, amlipire pa tsiku lake osachedwa, ampatsenso ulemu woyenera munthu amene wasungitsidwa chuma choposa ng'ombe ndi munda.

Makolo athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amai aja a ku Ndirande amasunga mwambi umenewu tsiku ndi tsiku pa mphasa yao. Mukapita kukaona adzukulu, funsani nyumba ya mlezi wao, mukampatse moni, ndipo musapite chimanjamanja.