Gitala yopanda chingwe: gulu liyese lisanagule

Woimba sungura saima malo amodzi. Amene anaonerapo Alick Macheso, yemwe anabadwira ku Shamva mu 1968 ndipo bambo ake anachokera ku Malawi, akuvina uku akukutumula gitala ya besi ku Aquatic Complex ku Chitungwiza, amadziwa kuti pa kaimbidwe kotere chingwe chimakola miyendo. N'chifukwa chake magulu a achinyamata a ku Unit O, oimba m'matchalitchi ndi pa maukwati, amasirira chipangizo chopanda chingwe.

Chipangizochi chili pawiri: kabokosi kotumiza mawu kamakhala pa gitala, ndipo kolandira kamalumikizidwa ku ampulifaya. Zambiri zotsika mtengo zimayendera mafunde a 2.4 GHz, omwenso Wi-Fi imadutsamo, choncho holo ikadzaza ndi anthu a mafoni mawu amatha kudukiza. Za UHF zimapirirako pakhamu, koma wogula afunse kaye ngati mafunde ake ndi ololedwa ndi POTRAZ, bungwe loyang'anira mafunde m'Zimbabwe.

Woimba besi achiyese yekha m'sitolo, pakuti zina zimachepetsa mphamvu ya mawu a manzenene, pomwe moyo wa sungura uli m'besimo.

Nkhani yaikulu ndi batire. Dansi ya sungura imatha kuchezera usiku wonse, ndipo batire lomatiridwa m'kati likatha, makamaka tsiku lomwe magetsi anazima osalitchaja, gitala imangoti zii. Kwa gulu losonkherana ndalama, chipangizo cha mabatire a AA, osinthika pakati pa nyimbo, n'chodalirika. Chingwe chakale chija chisatayidwe, chizikhala m'chikwama.