Zotsekera Mabotolo a Vinyo: Khungwa la Mtengo ndi Pulasitiki

Kuyambira kale anthu a m'mbali mwa nyanja ku Salima akhala akutseka mabotolo a palafini ndi chitsononkho cha chimanga. Opanga vinyo a ku Ulaya nawonso anali ndi chotsekera chawo, chosemedwa ku khungwa la mtengo wotchedwa cork oak. Mabotolo a vinyo amene amatsegulidwa m'mahotela a ku Senga Bay amadza ndi chotsekera chotere, kapena ndi china chopangidwa m'fakitale. Tsono mphunzitsi ayenera kudziwa kusiyana kwake.

Mtengowu umamera m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo Portugal yekha amatulutsa pafupifupi theka la khungwa lonse. Umasendedwa koyamba utatha zaka 25, ndipo pambuyo pake zaka 9 zilizonse, osaudula ayi. Khungwalo lili ndi tizipinda ting'onoting'ono todzala ndi mpweya, timene Robert Hooke anationa ndi galasi lokulitsa zinthu, natilongosola m'buku lake la 1665. Chifukwa cha tizipindati, khungwa limafinyika polowa pakamwa pa botolo, ndipo likafufumanso limatseka ndithu.

Komatu khungwa lili ndi chilema chake. Nthawi zina nkhungu imabala m'menemo mankhwala otchedwa TCA, amene amanunkhitsa vinyo ngati chiguduli chonyowa. Potopa ndi kutaya katundu, opanga vinyo anafunafuna njira zina. Njira ina ndiyo chotsekera cha pulasitiki wofewa, choumbidwa monga cha khungwa. Kampani ya Nomacorc inayamba kupanga zotere ku America mu 1999. Inanso ndiyo chotsekera cha aluminiyamu chochita kupotokola, chimene opanga vinyo angapo a ku Clare Valley, ku Australia, anapangana kutsekera vinyo wawo mu 2000.

Zatsopanozi nazo sizili zangwiro. Zapulasitiki zoyamba zinkalowetsa mpweya wambiri, kotero kuti vinyo wosungidwa zaka zingapo ankasukuluka. Ndiponso khungwa likatayidwa limawola pang'onopang'ono, pamene pulasitiki sawola. Amayandama, mwera n'kumukankhira kugombe, nanyenyeka kukhala tizidutswa totsalira mumchenga ndi m'madzi momwe mukhala chambo ndi usipa. Lamulo loletsa mapulasitiki limene boma la Malawi linaika mu 2015 linali la majumbo opyapyala, osati la zotsekera.

Pamenepa mphunzitsi wa kunyanja ali ndi phunziro pakhomo pomwe. Ana atole zotsekera pagombe, aziponye m'mbale ya madzi, naone zoyandama ndi zomira. Kenaka azikwirire pansi pamodzi ndi chitsononkho, nadzazifukule potsekera sukulu: chitsononkho chidzakhala chitafumbwa kapena kudyedwa ndi chiswe, koma pulasitiki adzakhala monga anamuikira. Mwa njira imeneyi mawu akuti kufinyika, kufufuma, kuyandama, kumira ndi kuwola adzamveka bwino, pakuti anawo adzakhala atagwira ndi manja awo zimene mawuwo atanthauza.