Dzimbiri Loyera la pa Marimu a Pikapu

Pali chikhulupiriro pakati pa eni magalimoto chakuti aluminiyamu sachita dzimbiri, ndipo m'chikhulupirirocho muli choonadi pang'ono, pakuti chitsulo chimenechi chikangokhudzana ndi mpweya chimadzivala chokha kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso, kamene kamatchinga chinyezi kuti chisalowe m'kati. Koma mchere umaboola kakhungu kameneka. N'chifukwa chake m'maiko ozizira monga Canada ndi Britain, kumene amawaza mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, ndiponso m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja yamchere monga Durban ndi Beira, marimu amayamba kutuwa ndi kuyoyoka ufa woyera galimoto isanakalambe n'komwe. Ndipo popeza magalimoto ambiri a kuno kwathu adayamba atumikira eni ake ena kutsidya kwa nyanja, nthendayi imafika nawo pamodzi.

Chiyambi chake chimakhala chaching'ono. Mwala ukakanda utoto woonekera umene opanga adakutira rimu, kapena wokonza matayala akaukwapula ndi chitsulo chake, kapenanso akakhomerera m'mphepete timiyala tolinganizira kulemera kwa gudumu, madzi amapeza khomo, ndipo dzimbiri limayenda pansi pa utotowo m'tinjira tokhotakhota ngati ta chiswe pa mtanda wa denga. Mankhwala a asidi amene otsuka magalimoto ena amakonda, chifukwa amawalitsa msanga, amangofulumiza ntchitoyi.

Tsono mwini pikapu asaweruze ndi kunyansa kwa rimu, koma afunse kuti dzimbiri lagwira pati. Likakhala pankhope pokha, ndi nkhani ya maonekedwe basi: kupala ndi sandipepa, kutsuka, kupaka utoto woyamba woyenera aluminiyamu, kenaka utoto weniweni. Likafika pamlomo wa m'kati pamene tayala lopanda chubu limagwira, pamenepo mpweya umayamba kuthawa pang'onopang'ono, mwini wake nkumapopa Lolemba lililonse, nkumanamizira msomali umene kulibe. Mmisiri wodziwa amathira madzi a sopo kuzungulira mphepete yonse, ndipo pamene timathovu tayamba kutukusira motsatizana, amachongapo ndi choko, navula tayala, nakwecha mlomowo mpaka chitsulo chitayera, napaka mankhwala omatira asanabwezeretse tayala. Ntchito imeneyi njotsika mtengo, ndipo nthawi zambiri imakwanira.

Palinso malo ena obisika, kumbuyo kumene rimu imagundana ndi habu yachitsulo. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pali madzi amchere, chimodzi chimadyedwa m'malo mwa chinzake, ndipo pano wodyedwa ndi aluminiyamu. Ndiye mumaona munthu wamasula manati onse, koma gudumu lakana kutuluka, iye ali pamsewu dzuwa likuswa mtengo. Kupala malowo ndi burashi yawaya ndi kupaka girisi pang'ono pamkombero wa pakati pa habu, osati pa mabawuti, kumaletsa vutoli.

Koma dzimbiri likakumba maenje akuya pamene manati amakhala, kapena pakaoneka mng'alu ngakhale waung'ono ngati tsitsi, ine ndinena mosabisa kuti rimu yotere yatha ntchito. Rimu yachitsulo wamba ikagunda dzenje imapindika, ndipo nyundo imatha kuiwongola. Yaaluminiyamu youmbidwa m'chikombole imakonda kung'aluka. Owotcherera alipo amene amalonjeza kuilumikiza, ndipo ena ndi aluso ndithu, komabe aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 popanda kufiira ngati chitsulo kuti achenjeze mmisiri, ndipo moto umafooketsa malo ozungulira chilondacho. Akaipukuta ndi kuipenta imawala ngati yatsopano, koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pikapu yosenza matumba a chimanga pamsewu wa mabampu si malo oyeserapo mwayi.

Pogula ina, kaya yatsopano kaya yakale, kuwerenga mabowo sikokwanira. Toyota Hilux, Isuzu D-Max ndi Ford Ranger zambiri zili ndi mabowo 6 pamkombero wa mamilimita 139.7, komabe bowo la pakati ndi kuya kwa rimu zimasiyana, kotero kuti ina ikhoza kukhula mabuleki. Wogula atembenuze rimu, awerenge zolembedwa kumbuyo kwake, makamaka kulemera kumene ingasenze. Ya ku Japan yoyenera magalimoto a katundu imakhala ndi chizindikiro cha JWL-T. Woyenda kwambiri m'misewu yafumbi sanalakwe akasankha zachitsulo, ngakhale n'zolemerako, malinga asinthenso manati, pakuti kakhalidwe kawo pabowo kamasiyana. Manatiwo amangidwe modumphanitsa, ili kenaka loyang'anana nalo, ndi sipanala yoyeza mphamvu m'malo modumphira pampaipi, ndipo ayang'anidwenso galimoto ikayenda makilomita 50 kapena 100.