Anthu odya za zidindo, ufa ndi foyilo

Kwathu kuno chidindo n'cha mu ofesi. Amfumu ali nacho, ahedi ali nacho, ndipo kalata ikapanda chidindo palibe amaiwerengera. Koma ku America, ku Britain ndi ku Japan kuli anthu, ambiri mwa iwo amayi, amene amagwiritsa ntchito zidindo za maluwa, mbalame ndi mawu a mafuno abwino. Amadinda makadi a ukwati, a tsiku lobadwa ndi a Khirisimasi. Chimene chimakweza mtengo wa khadi lotere ndi zilembo zotukuka, zonyezimira, zoti chala chikadutsapo chimazimva.

Ntchitoyo imayamba ndi kupukuta pepala ndi kathumba ka ufa wosalala, kuti thukuta la m'zala lisagwire zinthu pamalo osafunika. Kenako mmisiri amanyowetsa chidindo pa inki yopanda mtundu, yonanda, yochedwa kuuma. Yotchuka kwambiri ndi VersaMark, ya kampani ya ku Japan yotchedwa Tsukineko. Akadinda, amawaza ufa wa pulasitiki pamwamba pake, n'kupendeketsa pepala, kuligogoda pang'ono kumbuyo, ndipo ufa wotsala amaubwezera m'botolo, poti ndi wodula. Umene wakakamira pa inki amautenthetsa ndi kachipangizo kopemerera mpweya wotentha. Choumitsira tsitsi sichithandiza: chimauluza ufa wonse usanasungunuke.

Ufa wamba ukasungunuka umauma n'kuwala, ntchito yatha. Koma pali wina womata, umene ukasungunuka umatsala wonanda ngati ulimbo wa mbalame. Apa ndi pamene pamaonekera wodziwa ntchito. Amayang'anitsitsa pepala mpaka ufa utasiya kuoneka ngati mchenga n'kuyamba kunyezimira, pomwepo amachotsa moto. Akachedwa pang'ono, ufa umalowerera m'pepala, kunanda kumatha, mwinanso pepala limapindika kapena kuwauka. Akafulumira, pamatsala timibulu tosasungunuka, ndipo chilembo chimatuluka chodukaduka. Zikayenda bwino, amayala foyilo pamwamba, mbali yowala ikuyang'ana kumwamba, n'kutikita ndi chala kapena kansalu kofewa. Akamatula pang'onopang'ono, golide amatsalira pa zilembo pokha.

Golideyo si golide ayi. Foyilo ndi kapulasitiki kopyapyala kopakidwa aluminiyamu ndi utoto, n'chifukwa chake imapezeka yofiira, yabuluu, yasiliva, mtundu uliwonse. Imodzi mwa makampani akuluakulu opanga foyilo, Leonhard Kurz ya ku Fürth m'dziko la Germany, inayamba mu 1899 ndi kusula golide weniweni kukhala timasamba topyapyala. Masiku ano foyilo ya mtunduwu ili paliponse, pa mabokosi a mafuta onunkhira, pa zikuto za mabuku, ngakhale pa ndalama zamapepala.

Anthu a ntchitoyi ali m'magulumagulu, ndipo sapeza mofanana. Kuli ojambula zithunzi zimene zimasanduka zidindo, ndi ogwira ntchito m'mafakitale oumba labala. Hero Arts, imene inayambira ku California, yakhala ikupanga zidindo zoterezi kuyambira 1974, pomwe Ranger ya ku New Jersey imadziwika ndi inki ndi ufa. Kulinso ogulitsa oyendera m'makomo. Kampani ya Stampin' Up!, imene Shelli Gardner ndi m'bale wake LaVonne Crosby anayambitsa mu 1988, siidalira masitolo: katundu wake amagulitsidwa ndi anthu odziimira paokha amene amasonkhanitsa anzawo pakhomo, kuwaonetsa kadindidwe, n'kulandira gawo la ndalama za zimene zagulidwa. Ena amaphunzitsa pa YouTube, kamera italoza manja okha, nkhope osaoneka.

Ndiye pali opanga makadi eni ake, amene amagulitsa m'misika ya zaluso kapena pa Etsy, msika wa pa intaneti umene unayamba mu 2005. Awa ndi amene amathyoka msana. Khadi lililonse limadutsa m'manja kangapo: kudula, kudinda, kuwaza, kutenthetsa, kumata, kupinda. Mkwati akaitanitsa makadi 200, ndiye kuti zonsezi zichitika ka 200, ndipo lililonse lothimbirira ndi lotaya. Wogula akafika amayerekeza mtengo ndi wa khadi la m'sitolo losindikizidwa ndi makina, n'kumati mwadulitsa. Ine ndimaona kuti pa ntchito imeneyi wogulitsa ufa ndi wophunzitsa amagona tulo tabwino kuposa wodinda.

Makinawo nawo sali kutali. Osindikiza mabuku akhala akutukula zilembo ndi ufa womwewu kwa zaka zambiri, pepala likudutsa palamba pansi pa chotenthetsera, ndipo foyilo amaidinda ndi chitsulo chamoto. Kwabweranso timakina tapakhomo, monga Minc, tomata foyilo pa zilembo zotuluka mu printa ya leza, popanda chidindo kapena ufa. Chomwe chimasungabe wamanja pa msika ndi maoda ang'onoang'ono: makadi 30 a chinkhoswe okhala ndi mayina a eni ake, amene wosindikiza wamkulu sangayatsire makina.

Pamenepa m'pamene nkhaniyi ikutikhudza. Maukwati ndi zinkhoswe sizitha m'matauni mwathu, ndipo amisiri osema zidindo pa labala tili nawo kale. Chovuta ndi ufa, inki ndi foyilo, zomwe n'zochokera kunja, komanso magetsi, poti chotenthetsera chija sichiyaka ndi makala. Amene mukufuna kuyamba, gulani ufa wochepa, muyesere pa mapepala otha ntchito mpaka diso lizolowere nthawi yochotsa moto. Ndipo potchula mtengo, muwerengere maola anu ndi makadi owonongeka, osati zipangizo zokha.