Kukhala ndi Lole Yakoyako: Kodi Ndalama Zake Zimalowera Kuti?

Msewu wa M5, umene umachokera cha ku Balaka n'kudutsa pa Golomoti, pa mphambano yopatukira kuno ku Mua ndi pa Mtakataka mpaka kukafika ku Salima, sugona tulo nyengo yokolola. Malole amakhala ali piringupiringu kututa mpunga wa ku sikimu ya Bwanje, chimanga, mtedza ndi thonje, ena n'kumakwera nazo chitunda cha Khwekhwerere kulowera ku Dedza ndi ku Lilongwe. Ambiri mwa ogwira chiwongolero cha malole amenewa ndi akhristu anzathu a m'miphakati yathu yomweyi. Ena adalembedwa ntchito ndipo amadikira malipiro a pa mwezi. Ena, ochepa, amayendetsa lole yawoyawo.

Pafupifupi dalaivala aliyense wolembedwa ntchito amalota tsiku limene adzakhale ndi galimoto yake. Malotowa si oipa ayi. Koma popeza kuti pofuna kuwakwaniritsa mabanja amagulitsa ng'ombe, amapereka nyumba ngati chikole ku banki, mwinanso kulowetsa penshoni yonse ya zaka zambiri, taona kuti n'koyenera tiunikire limodzi funso ili: pakati pa wolembedwa ntchito ndi mwini lole woyendetsa yekha, ndani amabwera ndi zambiri kunyumba?

Anthu ambiri amayankha mofulumira chifukwa amayang'ana ndalama zimene mwini lole amalandira akatsitsa katundu. Pa ulendo umodzi wokha angathe kugwira ndalama zoposa zimene mnzake wolembedwa ntchito amalandira mwezi wathunthu. Apa mpamene pagona chinyengo, pakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama zimenezo si malipiro ake. Zambiri mwa izo zili kale ndi eni ake, zangodutsira m'manja mwake.

Tiyambe ndi wolembedwa ntchito. Palibe angatsutse kuti malipiro ake ndi ochepa poyerekeza ndi kulemera kwa ntchitoyo. Tikukumbukira kuti mu Seputembala 2021 madalaivala a magalimoto akuluakulu adanyanyala ntchito mpaka mafuta adayamba kusowa m'dziko muno, ndipo limodzi mwa madandaulo awo lidali lakuti mabwana ambiri sankalemekeza malipiro a K140,000 pa mwezi amene boma lidakhazikitsa. Komabe munthu ameneyu ali ndi zinthu zina zimene sizioneka pa tsiku lolandira. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limamupatsa tchuthi cholipidwa, ndipo lamulo la penshoni limalamula bwana kuti azimusungira ndalama zokwana 10 peresenti ya malipiro ake, iye n'kuonjezerapo 5 peresenti. Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti injini ikafa panjira, mutu umene umapweteka ndi wa bwana. Sitikunena kuti mabwana onse amatsata malamulowa, koma wolembedwa ntchito ali ndi poyambira dandaulo. Mwini lole alibe wokamudandaulira.

Tsono tione thumba la mwini lole. Tiyerekeze kuti wanyamula matumba 200 a mpunga, a makilogalamu 50 lililonse, kuchokera pa Mtakataka kupita ku Lilongwe kudzera ku Salima. Kupita ndi kubwerera tiwerengere makilomita 320, ndipo tinene kuti lole yake imayenda makilomita anayi pa lita imodzi. Ndiye kuti afunika malita 80 a dizilo. Kumayambiriro kwa Novembala 2023, lita ili pa K1,920, mafuta a ulendowu akadamudyera K153,600. Mwezi womwewo usadathe, bungwe la MERA litakweza mtengo kufika pa K2,734, ulendo womwewo udafika pa K218,720. Kuti asaluze, adayenera kukweza mtengo wonyamulira thumba lililonse ndi ndalama zoposa K300. Kodi mwini mpunga adavomera tsiku lomwelo? Kawirikawiri mtengo wa mafuta umakwera usiku umodzi, pamene mtengo wonyamulira katundu umatsatira mokwawa. Kuyambira nthawi imeneyo dizilo wakweranso, koma kawerengedwe kake n'komweko.

Taonaninso kuti tawerengera ulendo wobwerera. Lole yobwerera yopanda katundu imamwabe mafuta ndipo matayala ake amaperesekabe. N'chifukwa chake eni malole amagona masiku awiri kapena atatu mumzinda kufunafuna feteleza, simenti kapena malata oti abwere nawo, ndipo katunduyo amapezeka kudzera mwa adobadoba amene amadulapo gawo lawo. Akanyamulira kampani, malipiro angachedwe milungu ingapo, komanso kampaniyo imayamba yadula msonkho wopita ku MRA. Pamsewu wa M1 pali zipata zolipiritsa, cha pa Chingeni chimene chidayamba mu 2021 ndi cha pa Kalinyeke kuno ku Dedza chimene chidatsatira mu 2022. Onjezeranipo inshuwalansi, chiphaso cha COF, chilolezo chonyamulira katundu ndi malipiro a mnyamata wothandiza.

Zonsezi mwini lole amazidziwa chifukwa amatulutsa ndalama m'thumba n'kuziona zikupita. Zimene zimagwetsa anthu ambiri ndi ndalama zimene zimatha mwakachetechete. Ulendo uliwonse wotsika Khwekhwerere ndi katundu umadya mabuleki. Dzenje lililonse la mumsewu limadya masipuling'i. Tayala silitha tsiku limodzi, koma tsiku limene lidzathe lidzafuna ndalama zonse nthawi imodzi, ndipo kawirikawiri limatha pamodzi ndi anzake. Lole nayonso imakalamba. Ambiri mwa malole athu amafika m'dziko muno atayenda kale zaka zambiri kunja. Munthu amene sapatula kanthu pa ulendo uliwonse kuti adzakonzere kapena kugulira ina, ameneyo akudya lole yake pang'onopang'ono ngakhale iye akuganiza kuti akudya phindu.

Vutoli limakula chifukwa matayala, oilo ndi zipangizo zonse zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, pamene mwini lole amalandira makwacha. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene adasunga ndalama zokwanira matayala anayi adadzuka zikukwanira awiri kapena atatu. Kwa amene adagula lole pa ngongole, katundu ndi wolemera koposa: mu 2024 Reserve Bank idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki ena amabwereketsa mozungulira pamenepo kapena kupitirira. Banki simva zoti ino ndi nyengo ya dzinja, katundu wasowa, kapena kuti madzi akokolola mlatho.

Nanga tiyerekeze bwanji mwachilungamo? Ife tikuona kuti mwini lole woyendetsa yekha ndi anthu awiri m'thupi limodzi: bwana ndi wantchito. Ayambe wachotsa zonse za ulendo, achotsenso gawo la matayala, la kugalaja, la ziphaso, la ngongole ndi la kukalamba kwa galimoto. Kenaka adzilipire yekha malipiro amene akadalandira kwa bwana wina, kuphatikizapo penshoni imene tsopano palibe womusungira. Chotsala pamenepo, powerengera chaka chonse osati miyezi yokolola yokha, ndicho phindu la lole. Alipo amene amapeza phindu lenileni, makamaka amene adagula popanda ngongole, amene ali ndi makasitomala okhazikika ndiponso amadziwa kukonza okha zowonongeka zing'onozing'ono. Aliponso amene akawerengera motere amapeza kuti akugwira ntchito yowirikiza kuti alandire zochepa kuposa kale. Tionjezere apa kuti m'mabanja amene mayi amasunga nawo kabuku ka ndalama za lole, zinthu zimayenda bwino kuposa kumene bambo amasunga zonse m'mutu ndi m'thumba la jekete.

Nkhaniyi ikukhudzanso chikumbumtima. Munthu wopanikizika ndi ngongole amayesedwa kupakira katundu wopyola muyeso, kuyenda usiku wonse osapuma, kuyendera matayala osalala, ndi kuuza mnyamata womuthandiza kuti adikire mwezi wamawa. Zitatu zoyambazo zimaika miyoyo ya anthu pachiswe, makamaka ana ndi apanjinga a m'mbali mwa msewu. Chachinayicho Mpingo udachitsutsa kuyambira kale, m'kalata ya Apapa Leo XIII ya Rerum Novarum mu 1891, ya Apapa Yohane Paulo II ya Laborem Exercens mu 1981, ndi ya Aepiskopi athu ya mu Malichi 1992, imene idakambapo za malipiro oyenera a anthu apantchito. Amene dzulo ankadandaula za bwana wake asaiwale kuti lero iyenso ndi bwana wa wina.

Mawu ena apite kwa ife tomwe, ansembe, akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati. Mkhristu akagula lole timakondwera, timaidalitsa ndi madzi oyera, kenaka timayamba kuiona ngati ya mpingo. Maliro akagwa, kwaya ikafuna kupita ku parishi ina, njerwa za tchalitchi zikafunika kututa, timathamangira kwa iye, ndipo iye amachita manyazi kutchula mtengo pamaso pa abambo mfumu. Abale ake nawonso amatero. Akafuna kupereka ulendo ngati mphatso yake kwa Mulungu, apereke mwaufulu ndipo tithokoze. Koma pokonza dongosolo la ndalama za chaka, makomiti athu aziikamo mtengo wa mayendedwe, ndipo pomupempha tiziyamba ndife kufunsa kuti ulendowo udya malita angati, n'kumupatsa ndalama za dizilo ndi za mnyamata wake lole isadanyamuke.