Kauri wa ku Kilwa ndi nkhono ya padooko pathu

Ambiri a ife tinationapo tizigoba toyera, tosalala, tokhala ndi kamng'alu ka mano kunsi kwake: pa mikanda ya agogo, pa zibangili za ogulitsa ziboliboli, ngakhale pa lichero la asing'anga. Aswahili amatitcha kauri. Tikafunsa ana a ku madrasa kuti n'chiyani, ena amati ndi mwala, ena amati ndi dzino la nyama. Ayi ndithu, ndi nyumba ya nkhono ya m'nyanja ya mchere, imene singakhale moyo m'madzi a Shire, Malombe kapena Chiuta.

Chodabwitsa choyamba ndi kunyezimira kwake. Nkhono zambiri zigoba zake zimakhala mbuu, zokhakhala, zina zomera ndere. Koma ya kauri ili ndi mnofu wopyapyala umene imautulutsa mbali zonse ziwiri n'kukuta chigoba chonse ngati munthu wofunda chitenje. Mnofu umenewu ndi umene umapaka laimu watsopano pamwamba pa chigoba ndi kuletsa ndere kumerapo. Nkhono zinzake zimangomanga pamlomo ndi kuzira mkati. Iyi imazira ndi kunja komwe. Ikamva kanthu kakuigunda, imabweza mnofu wonse mkati kudzera pa kamng'alu kaja.

Ikakhala yaing'ono chigoba chake chimakhala chopyapyala, pakamwa pali yasa. Ikakhwima imasiya kutalika, mlomo wa chigoba umapindikira mkati n'kukhuthala, mano aja n'kumera. Khomo limachepa chonchi kuti nkhanu ndi nsomba zivutike kufika pamnofu. Kawirikawiri masana imabisala pansi pa miyala ya m'madzi osaya, usiku n'kutuluka kukapala ndere ndi lilime lake lokhakhala ngati tupa. Yaikazi ikaikira mazira siwasiya: imawafungatira ngati nkhuku mpaka aswe, ndipo tiana timayamba tayandama ndi mafunde tisanakhazikike pansi. Subhanallah, zonsezi pa kanthu kosakwana n'komwe theka la chala!

Mlendo wotchuka wa Chisilamu, Ibn Battuta wa ku Morocco, amene anafika ku Kilwa mu 1331, anakakhalanso kadhi ku zilumba za Maldives. Kumeneko anaona anthu akutola kauri, kumuika m'maenje kuti mnofu uwole, n'kumagula malonda ndi zigobazo ngati ndalama. Patapita zaka anakazipezanso zikugwira ntchito yomweyo ku Mali, kumadzulo kwa Africa. Kuno kumtunda zigoba za kunyanja ya mchere zinkafika m'mitolo ya amalonda, makamaka a Chiyao, amene ankapita ku Kilwa ndi ku gombe la Mozambique ndi minyanga, n'kubwerako ndi nsalu ndi mikanda. Njira yomweyo inadutsa akapolo, sitibisa, ndipo ndi yomwenso inafikitsa Chisilamu kumabwalo a mafumu monga Makanjira m'ma 1870.

Chifukwa chochokera kutali, anthu anayamba kuganiza kuti chigobacho chili ndi mphamvu. Mpaka lero alipo omangirira mwana kauri m'chiuno kuti amutchinjirize. Abale athu, chigoba chimene chinalephera kupulumutsa mwini wake padzenje paja chingapulumutse mwana wathu? Woteteza ndi Allah yekha. Ndipo ngati tikufuna nkhono yoti tiziilabadira pa umoyo wa ana athu, si ya ku Kilwa ayi. Ili pompano padooko, m'ngalande za mpunga za ku Domasi, m'madambo a Chilwa ndi Chiuta, ndi m'mathawale a m'mbali mwa Shire kuno ku Balaka ndi ku Machinga.

Nkhono imeneyi azaumoyo amaitcha Bulinus. Ndi yaing'ono ngati njere ya chimanga kapena kuposerapo pang'ono, yabulauni, chigoba chopyapyala, yopanda kachitseko pakamwa. Mukaiimika nsonga m'mwamba, pakamwa pakuyang'ana inu, khomo lake limakhala kumanzere. Musaisokoneze ndi zikuluzikulu zija zokhala ndi kachitseko. Imakonda madzi odikha, pa mabango ndi pansi pa masamba a kakombo. Imodzi yokha imatha kudzibereketsa, ndipo madzi akaphwa ina imadzikwirira m'matope kudikira mvula.

Yokha siluma munthu. Vuto ndi mlendo amene imamusunga. Munthu wodwala likodzo akakodzera m'madzi, mazira a tizilombo amaswa, tiana n'kulowa m'thupi la nkhonoyi. M'menemo timaswana kwa mwezi umodzi kapena kuposerapo, kenako timatuluka tambirimbiri, tosaoneka ndi maso, n'kuboola khungu la wosamba, wochapa, wokoka khoka kapena wowokera mpunga. Madziwo amaoneka mbee, koma paja amati chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Mnyamata akayamba kukodza magazi ena amati wakula. Si kukula kumeneko, ndi chikhodzodzo chikuchita zilonda. Mwana amafooka, magazi amachepa, kusukulu ndi kumadrasa amangosinza. Kwa amayi likodzo limabweretsa zilonda m'njira ya chiberekero, mwina mpaka kusowa mphatso ya mwana.

Apa pali mawu a ife asodzi. Allah anaika alonda ake m'madzimo: nsomba zina za mtundu wa chambo ndi utaka zili ndi mano akuluakulu pakhosi ophwanyira zigoba, ndipo chakudya chake ndi nkhono. Ku Chembe, ku Mangochi, ofufuza anapeza kuti pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono okokedwa m'mbali mwa nyanja, nkhono zinachuluka ndipo likodzo linakula m'mudzimo. Ndiye tikasoka masikito n'kumakokolola chilichonse m'madzi osaya, tikupha mlonda wa ana athu omwe, kuwonjezera pa kutha mbewu ya nsomba za mawa.

Zochita si zovuta. Chiphunzitso cha Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) chinaletsa kalekale kukodzera m'madzi odikha, ndipo tikaona m'mene likodzo limayendera timamvetsa nzeru yake. Popanda mkodzo m'madzi, nkhono ija ndi nkhono chabe. Makomiti a m'madooko akumbe zimbudzi pamtunda, ndipo ife akuluakulu tiyambe ndife kulowamo. Madzi a wudhu ndi osamba, ngati tatunga kunyanja kapena kudambo, tiziwasiya m'ndowa masiku awiri kapena kuwatenthetsa, tizilomboto timafa. Pamene pali mjigo, titunge pamjigo. Mankhwala a praziquantel akabwera kusukulu, tisabise ana: tiwadyetse kaye phala kapena nsima, akamwe. Wamkulu woona magazi mumkodzo apite kuchipatala, osachita manyazi. Ndipo masikito abwerere pamalo ake, pogona.

Ijumaa ikubwerayi tikatuluka mumzikiti, tiyeni titenge ana tipite nawo padooko, tiwaonetse nkhono ya khomo lakumanzere ija ali chiimire pamtunda, kuti aidziwe monga amadziwira nkhope ya ng'ona. Allah atisungire madzi athu ndi mabanja athu.